Matenda akamayenda m'banja, tifanizire ndani ndi ndani?

Munthu akapita kuchipatala ndi vuto la shuga, kuthamanga kwa magazi kapena chotupa cha m'bere, dokotala salephera kufunsa kuti, "Kodi kwanu alipo wina amene anadwalapo matenda amenewa?" Funsoli ndi lofunika, ndipo yankho lake limathandiza. Koma teremu ino, pamene tikuphunzira njira za masamu zofufuzira matenda m'mabanja, ndaona kuti yankho lakuti "inde, alipo" limangotsegula nkhani, silinena chifukwa chake. Anthu a banja limodzi amagawana majini (tizinthu ta m'maselo a thupi timene mwana amatengera kwa makolo), koma amagawananso chakudya, madzi, utsi, mpweya wa m'chipinda chogona, umphawi kapena chuma, ndi zizolowezi zimene mwana amaonera kwa akulu. Zonsezi zimatsika kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana zitapotana ngati nkhosi za chingwe. Njira iliyonse imene taphunzira ndi yofunafuna malo amene nkhosizo zalekana, kuti munthu athe kuyeza imodzi payokha.

Nkhani imene inanditsegula maso ndi ya matenda a pellagra. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, matendawa ankapha anthu masauzande kummwera kwa United States: khungu limasupuka, munthu amatsekula m'mimba, kenako mutu umasokonezeka. Ankagwira mabanja athunthu. Mu 1916 Charles Davenport, amene ankakhulupirira kwambiri za kutengera kumtundu, analemba kuti matendawa ali ndi mbali ya chibadwa, ndipo anali ndi mizere ya mabanja yoti aonetse. Joseph Goldberger, yemwe anayamba kufufuza mu 1914, anafunsa funso lina. M'nyumba zosungira ana amasiye ndi odwala misala, n'chifukwa chiyani osungidwa ankadwala pomwe ogwira ntchito momwemo sankadwala? Atasintha chakudya cha osungidwawo, n'kuwonjezera mkaka, nyama ndi mazira, matenda anatha. Mu 1937 zinadziwika kuti chosowacho chinali niacin, mtundu wina wa vitamini. Chondidetsa nkhawa n'chakuti Davenport sananame poona kuti matenda akuunjikana m'mabanja. Ankaunjikanadi. Mabanjawo anali osauka ndipo ankadya zofanana. Kuwerenga kunali koona, tanthauzo n'kukhala lolakwika, ndipo anthu ofunika chakudya ankalozedwa chala kuti ndi a mtundu wofooka.

Muyeso woyamba umene tinaphunzira ndi wosavuta. Umatenga chiopsezo cha m'bale wa wodwala, wobadwa naye bere limodzi, n'kuchigawa ndi chiopsezo cha munthu wamba. Neil Risch anautchukitsa mu 1990, ndipo umalembedwa ndi chilembo chachigiriki cha lambda. Pa shuga wa mtundu woyamba, wa ana uja, m'bale wa wodwala ali ndi chiopsezo cha pafupifupi 6 pa 100, pomwe kwa anthu wamba a ku Ulaya ndi pafupifupi 4 pa 1,000. Lambda ndiye kuti ndi 15. Nambalayi imangonena kuti m'banjamo muli kanthu. Mutawerengera chikuku kapena chifuwa chachikulu mungapezenso lambda wamkulu, ndipo ndi chifukwa chake anthu ambiri ankati chifuwa chachikulu n'chakumtundu mpaka Robert Koch atapeza kachilombo kake mu 1882.

Apa ndifuna ndikhalitse pang'ono, chifukwa ndi pamene ndaona kuti pagona nkhani. Musanafunse ngati ndi majini kapena malo okhala, funsani kaye kuti mabanja amene muli nawo m'buku lanu anafikamo bwanji.

Tengani mabanja 16, lililonse la ana awiri. M'banja lililonse bambo ndi mayi aliyense ali ndi jini imodzi yokha ya sickle cell (matenda a magazi otengera kwa makolo), choncho iwo sadwala. Malinga ndi lamulo la Mendel, mwana aliyense ali ndi mwayi umodzi mwa inayi wotenga majini onse awiri n'kudwala. Mukawerengera zimene zingayembekezeke, mabanja 9 sadzakhala ndi mwana wodwala, mabanja 6 adzakhala ndi mmodzi, ndipo banja limodzi ana onse awiri adzadwala. Ana onse ndi 32, odwala ndi 8, ndipo 8 mwa 32 ndi gawo limodzi mwa anayi, monga mmene ziyenera kukhalira.

Tsopano wofufuza wakhala pa kiliniki akulemba mabanja amene akubwera. Mabanja 9 aja sadzafika, alibe chowabweretsa, mwinanso sadziwa n'komwe kuti ali ndi jiniyo. Afika ndi mabanja 7 okha, ana 14, ndipo odwala ndi 8 omwe aja. Akagawa apeza 57 pa 100. Sanaphonye masamu, sanabise kanthu, koma nambala yake yaposa yoona kuwirikiza kawiri. Makolo akamufunsa za mwana wotsatira, awauza zoopsa zimene si zoona.

Wilhelm Weinberg, dokotala wa ku Stuttgart, anakonza vutoli cha m'ma 1912 ndi nzeru yooneka yaing'ono. Mwana amene wabweretsa banja kuchipatala amuike pambali, chifukwa iye ndi wodwala kale mwa kusankhidwa kwake, ndipo awerenge abale ake okha. Ana odwala ndi 8, aliyense ali ndi m'bale mmodzi. Odwala 6 aja abale awo ali bwino. Awiri a m'banja lomaliza, aliyense m'bale wake ndi wodwala. Ndiye 2 mwa 8, tabwerera pa gawo limodzi mwa anayi. Nditalemba zimenezi papepala ndi dzanja langa ndinakhala kanthawi ndikuziyang'ana, chifukwa mabanja amene sanabwere atulukira m'masamu popanda wina kukawagogodera pakhomo. Njirayi imayenda chonchi ngati mwana wodwala aliyense anafika kuchipatala payekha. Ngati mabanja amapezeka mwa njira ina, kakonzedwe kamasinthanso, ndipo wofufuza ayenera kudziwa bwino mmene anawapezera.

Musaganize kuti ndi vuto lakale. Jini ya BRCA1 itapezeka mu 1994, ziwerengero zoyamba zinkati mayi amene ali ndi jini yolakwikayo ali ndi chiopsezo choposa 80 pa 100 chodwala khansa ya m'bere asanakwane zaka 70. Ziwerengerozo zinachokera m'mabanja amene anasankhidwa chifukwa choti munali odwala ambiri. Kafukufuku wotsatira, wotenga amayi posayang'ana mbiri ya banja, anapeza nambala zotsikirapo, cha pakati pa 55 ndi 65. Chiopsezocho n'chachikulube, koma mayi amene akuganiza zochotsa mawere kuti apewe matenda ali ndi ufulu womva nambala yogwirizana ndi iyeyo.

Kenako tinafika pa mapasa. Francis Galton analemba za iwo mu 1875, ndipo Ronald Fisher mu 1918 anaonetsa mmene majini ambirimbiri, iliyonse ndi kamphamvu kake kochepa, angapangitsire kufanana kumene timaona pakati pa achibale. Mapasa ochokera m'dzira limodzi ali ndi majini ofanana pafupifupi onse. Ochokera m'mazira awiri amagawana theka, monga abale ena onse. Koma magulu onse awiri amakhala m'mimba imodzi pa nthawi imodzi n'kukulira m'nyumba imodzi. Choncho ngati mapasa a dzira limodzi akufanana kwambiri pa matenda kuposa enawo, kusiyanako timakuika pa majini.

Masamu a Douglas Falconer ndi achidule. Tiyerekeze kuti pa muyeso wina, monga wa kuthamanga kwa magazi, kufanana kwa mapasa a dzira limodzi ndi 0.6 ndipo kwa enawo ndi 0.4. Chotserani, mupeza 0.2, wirikizani kawiri, mupeza 0.4. Limenelo ndi gawo la majini, limene limatchedwa heritability. Chotsala pa 0.6 ndi 0.2, gawo la zinthu zimene ana a nyumba imodzi amagawana. Chotsala kuti tifike pa 1 ndi 0.4, gawo la zimene munthu amakumana nazo yekha, kuphatikizapo mwayi chabe ndi kulakwitsa kwa oyeza. Mu 2000 Paul Lichtenstein ndi anzake anagwiritsa ntchito ganizo lomweli pa mapasa awiriawiri okwana 44,788 a ku Sweden, Denmark ndi Finland. Anapeza kuti gawo la majini ndi 42 peresenti pa khansa ya prostate, 35 pa khansa ya m'matumbo aakulu, ndi 27 pa khansa ya m'bere.

Masamu onsewa atsamira pa ganizo lakuti mapasa a dzira limodzi saleredwa mofanana kuposa enawo pa zinthu zokhudza matendawo. Pa khansa ndikhoza kuvomera. Pa kumwa mowa, kusuta kapena matenda a maganizo ndimakayikira, chifukwa ana ofanana nkhope nthawi zambiri amavekedwa mofanana, amayenda limodzi ndipo anzawo amakhala omwewo.

Chimene ndikufuna aliyense wowerenga nkhani za sayansi amve ndi ichi: 27 peresenti ija sikutanthauza kuti khansa ya mayi wakutiwakuti, magawo 27 anachokera kwa makolo ake. Imanena za gulu la anthu, pa malo ndi nthawi inayake, kuti pa kusiyana kwa chiopsezo pakati pawo ndi gawo lanji limene likuyendera limodzi ndi kusiyana kwa majini. Anthu onse atakhala kuti amasuta mofanana, kusuta sikungaoneke m'masamuwa ngakhale kukudwalitsa anthu tsiku ndi tsiku, ndipo gawo la majini lingakwere. Komanso nambala ikakhala yaikulu sindiye kuti palibe chochita. Matenda a phenylketonuria amayamba ndi jini imodzi yolakwika yochokera kwa makolo onse awiri, ndipo mwana akasiyidwa ubongo umawonongeka. Koma kuyambira m'ma 1950 zinadziwika kuti akamapatsidwa chakudya chochepa phenylalanine, chinthu chopezeka m'mapuloteni, amatetezeka, ndipo m'ma 1960 Robert Guthrie anabweretsa njira yoyeza kadontho ka magazi a pachidendene cha khanda kuti chithandizo chiyambe msanga. Awa ndi matenda a majini okhaokha, koma mankhwala ake ali m'mbale. Ndimadandaula ndikamva munthu wataya mtima ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi ati poti "n'zakumtundu", ngati kuti mawuwo atseka zitseko zonse.

Njira ina yolekanitsira ndi kuyang'ana ana oleredwa ndi makolo ena. Majini achokera ku banja lina, nyumba ndi ya banja lina. Mu 1988 Thorkild Sørensen ndi anzake anatsata mabanja 960 a ku Denmark, a ana obadwa pakati pa 1924 ndi 1926. Zimene anapeza zinanditembenuza maganizo. Ngati kholo lobereka linamwalira ndi matenda opatsirana lisanakwane zaka 50, chiopsezo choti mwanayo adzafenso msanga ndi matenda opatsirana chinakwera pafupifupi kasanu ndi kamodzi, ngakhale sanakule nalo. Pa khansa zinali zosiyana: imfa ya kholo lobereka sinasinthe zambiri, koma ya kholo lolera inakweza chiopsezo pafupifupi kasanu. Ambiri tikadaganiza mosemphana, kuti khansa ndiye yakumtundu, matenda opatsirana ndi a malo okhala. Imfa za khansa m'kafukufukuyu zinali zochepa, choncho nambalayo siyenera kugwiridwa mwamphamvu, komanso mabanja olera ana amakhala osankhidwa, sakhala osaukitsitsa. Komabe mfundo yakuti thupi lolimbana ndi tizilombo timalitengeranso kwa makolo yakhala ikutsimikizika. Anthony Allison anali ataonetsa kale mu 1954 kuti jini imodzi ya sickle cell imateteza ku malungo oopsa.

Za kusaka malo enieni a jini pa chromosome, kaulusi ka DNA konyamula majini, ndingodutsa mwachangu. Wofufuza amatsata kachizindikiro ka DNA m'banja lalikulu kuti aone ngati kakutsika limodzi ndi matenda. Newton Morton mu 1955 anakhazikitsa muyeso wa LOD, ndipo ukafika pa 3 ndiye kuti zimene zaonekazo zikugwirizana ndi kulumikizana kwa kachizindikiroko ndi jini ya matendawo kuwirikiza 1,000 kuposa mmene zikugwirizanira ndi mwayi chabe. Ndi njira imeneyi James Gusella ndi Nancy Wexler analoza chromosome 4 pa matenda a ubongo otchedwa Huntington mu 1983, mothandizidwa ndi banja lalikulu la kufupi ndi nyanja ya Maracaibo ku Venezuela, ndipo Mary-Claire King analoza chromosome 17 pa khansa ya m'bere mu 1990 pogwiritsa ntchito mabanja 23. Imagwira bwino pamene jini imodzi ili ndi mphamvu zambiri. Pa shuga wa akuluakulu kapena kuthamanga kwa magazi, pamene majini ndi mazanamazana ofooka, inalephera kupita patali.

Njira imene ndaikonda kuposa zonse ndi yofanizira jini imene kholo lapereka ndi imene silinapereke. Kuti muone kufunika kwake, yambani ndi msampha umene imapewa. Mu 1988 William Knowler ndi anzake, pofufuza pakati pa anthu a mtundu wa Pima ndi oyandikana nawo ku Arizona, anapeza kachizindikiro kotchedwa Gm kamene kankaoneka ngati kakuteteza ku shuga. Atagawa anthuwo malinga ndi mmene makolo awo analiri osakanikirana ndi azungu, chitetezocho chinazimiririka. Kachizindikiroko kanali kofala mwa azungu, amene shuga anali wochepa pakati pawo pa zifukwa zina. Kankangoonetsa kumene munthu wachokera.

Mu 1993 Richard Spielman, Ralph McGinnis ndi Warren Ewens anafotokoza njira yofanizira ija, yotchedwa TDT. Kholo likakhala ndi mitundu iwiri ya jini, A ndi B, limapereka umodzi kwa mwana, ndipo kuti upite uti zimangochitika mwa mwayi, theka kwa theka. Ndiye sonkhanitsani ana odwala ndi makolo awo. Tiyerekeze kuti muli ndi makolo 100 oterewa. Ngati jiniyo ilibe nazo kanthu, A ipita kwa ana pafupifupi 50. Mukapeza kuti yapita kwa 70 ndipo B kwa 30, mumachotsera, 40, mumachulukitsa ndi iyo yomwe, 1,600, n'kugawa ndi 100. Yankho ndi 16, pomwe malire a zongochitika mwamwayi ali pa 3.84. Kukongola kwake n'kwakuti kufanizirako kukuchitika mkati mwa kholo limodzi. Mtundu wa munthu, dera lake, chuma chake, zonse n'zofanana kwa A ndi B, choncho msampha wa Gm uja sungakole.

Koma nayonso jini yosaperekedwa ija si yongokhala. Mu 2018 Augustine Kong ndi anzake, pofufuza mabanja a ku Iceland, anaonetsa kuti majini a makolo amene mwana sanatenge amagwirizanabe ndi kutalika kwa maphunziro a mwanayo, ndi mphamvu yofika pafupifupi 30 peresenti ya mphamvu ya majini amene anatenga. Adutsa kuti, popeza m'thupi mwake mulibe? Adutsa m'makhalidwe a makolo ndi nyumba imene makolowo amanga. Apa ndi pamene ndinaona kuti mzere wolekanitsa chibadwa ndi malo okhala si woongoka monga timaulembera pabolodi. Malo amene mwana akukuliramo, mbali ina anapangidwa ndi majini a anthu ena.

Nzeru yomweyi yofanizira mkati mwa banja imagwiranso ntchito poyeza zinthu zakunja. Kwa zaka zambiri ankapeza kuti ana a amayi osuta fodya ali oyembekezera amapezeka kwambiri ndi vuto la ADHD, lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Ofufuza a ku Sweden, Denmark ndi Finland atafanizira ana a mayi mmodzi, wina wa mimba imene mayi ankasuta, wina wa mimba imene sankasuta, kugwirizanako kunachepa kwambiri, pena kutheratu. Koma pa kubadwa ndi sikelo yotsika, mphamvu ya fodya inatsalabe. Ndiye fodya amachepetsadi thupi la khanda, pomwe nkhani ya ADHD mbali yaikulu ikuchokera ku zimene mayi ndi mwana amagawana kale. Apanso funso la amene walowa m'buku likubwera: amayi okhawo amene anasintha khalidwe pakati pa mimba ziwiri ndi amene amawerengedwa, ndipo chimene chinawasinthitsa, kaya matenda, kaya kutha kwa banja, chingathenso kukhudza mwana.

Funso lomweli limakula tikafika pa kafukufuku wamakono woyeza DNA yonse ya anthu ochuluka. Mu 2022 kafukufuku wa msinkhu wa anthu pafupifupi 5.4 miliyoni anapeza malo 12,111 pa DNA. Pamodzi amafotokoza pafupifupi 40 peresenti ya kusiyana kwa msinkhu mwa anthu a makolo a ku Ulaya, koma 10 mpaka 20 peresenti yokha mwa anthu ena. Chifukwa chachikulu n'chakuti anthu ambiri oyezedwa m'kafukufuku wotere ndi ochokera ku Ulaya, pomwe kusiyanasiyana kwa majini n'kochuluka kwambiri mwa anthu a mu Africa. Sikelo yoyezera chiopsezo pogwiritsa ntchito majini yopangidwa pa gulu lina ikamagwiritsidwa ntchito pa gulu lina imasocheretsa, ndipo wodwala sauzidwa zimenezo.

Panopa tili pa mutu wa mmene jini ndi chinthu chakunja zimakumanirana. Zitsanzo zomveka zilipo. Munthu woperewera G6PD, puloteni yoteteza maselo ofiira a magazi, amakhala bwinobwino mpaka atamwa mankhwala a malungo a primaquine, ndiye maselo ofiira a magazi amayamba kusweka. Woperewera alpha-1 antitrypsin, puloteni yoteteza mapapo, akamasuta mapapo amawonongeka adakali wamng'ono kuposa wosuta wina aliyense. Koma kupeza kukumana kotereku ndi masamu n'kovuta, chifukwa kumafuna anthu ochuluka kuwirikiza kanayi kapena kuposa poyerekeza ndi kupeza mphamvu ya chinthu chimodzi. Ndipo mbali ziwirizi siziyezedwa mofanana. DNA imayezedwa kamodzi ndi makina, molondola kwambiri, ndipo sisintha. Zimene munthu ankadya ali ndi zaka 7, utsi umene anapuma, madzi amene ankamwa, timazifunsa kwa munthu wa zaka 50 amene tsopano akudwala ndipo wakhala akudzifunsa usiku kuti chinalakwika n'chiyani. Wodwala amakumbukira zambiri kuposa wathanzi, amafufuzanso achibale odwala amene wathanzi sakuwadziwa n'komwe. Choyezedwa molakwika chimaoneka chofooka m'masamu, kapena chimapotoka, ndipo wowerenga lipoti amatuluka akuganiza kuti majini ndiwo ali ndi mphamvu. Kafukufuku wa matenda a mtima wa ku Framingham, ku United States, amene anayamba mu 1948 ndi anthu 5,209 n'kuwonjezera ana awo mu 1971, anapewa zina mwa zimenezi poyeza anthu asanadwale, mobwerezabwereza, mibadwo yotsatizana. Ndi wodula ndipo amatenga moyo wonse wa wofufuza. Pa ntchito yanga ya kumapeto kwa chaka ndasankha kuyerekezera pa kompyuta mabanja a ana awiriawiri, n'kumawonjezera dala kulakwitsa pa muyeso wa zinthu zakunja pang'onopang'ono, kuti ndione pamene mphamvu yeniyeni ya chinthucho imayambira kusowa m'zotsatira.